Dzina lako likakhale pa pulani

Wokondedwa mwana wanga,

Poti ukunyamuka kukaphunzira zojambula mapulani a nyumba, ndati ndikutsanzike ndi nkhani ya mayi wina wa ntchito yomweyo, Denise Scott Brown. Anabadwira kwa anansi athu ku Zambia, ku Nkana kumigodi ya kopa, mu 1931, nakulira ku Johannesburg. Maphunziro anamufikitsa ku London, kenako ku Philadelphia, m'dziko la America. Mwamuna wake woyamba anafa pa ngozi ya galimoto mu 1959, ndipo mu 1967 anakwatiwa ndi mphunzitsi mnzake, Robert Venturi.

Mayiyu ndiye anamuitanira Venturi ku Las Vegas. Akatswiri a nthawiyo ankaunyoza mzindawo kuti ndi wa juga ndi zikwangwani zothobwa m'maso basi. Mayiyu ankati munthu ayambe waona zimene anthu amanga ndi chifukwa chake asanaweruze. Mu 1968 anapitako ndi ophunzira a ku Yale, nayenda msewu waukulu wa mzindawo akujambula ndi kulemba. Zotsatira zake ndi buku la Learning from Las Vegas, lomwe linatuluka mu 1972, olemba ake atatu: mayiyu, Venturi ndi Steven Izenour. Koma anthu ambiri ankangoti buku la Venturi.

Mu 1991 ku London anatsegula Sainsbury Wing, gawo latsopano la National Gallery, lomwe banjali linajambula limodzi. Chaka chomwecho mphoto ya Pritzker, yaikulu koposa pa ntchitoyi, inapita kwa Venturi yekha. Mayiyu anakana kupita kumwambo wake. Mu 2013 ophunzira achitsikana a ku Harvard anasonkhanitsa masiginecha masauzande kupempha kuti dzina lake liwonjezedwe, koma oweruza anakana. Ulemu unadzabwera mu 2016, pamene bungwe la American Institute of Architects linapatsa awiriwa mendulo yagolide pamodzi, mayiyu atadutsa zaka 80.

Chomwe chimandiwawa n'chakuti mayiyu zonsezi anaziona kale. Mu 1975 analemba nkhani yodandaula za tsankholi, koma anaisunga osaisindikiza mpaka 1989, poopa kuwononga ntchito yake ndi ya kampani yawo. Ndipo Venturi sanali mdani, ankanena poyera kuti ntchitoyo ndi ya awiri. Olemba nkhani ndi opereka mphoto ndiwo ankafuna ngwazi imodzi.

Tsono iwe, pulani iliyonse yochoka m'manja mwako izikhala ndi dzina lako ndi tsiku, ndipo uzisunga kope lako. Mukamagwira ntchito awiri, kaya ndi mnzako wa m'kalasi kaya ndi amene udzam'konde, muzigwirizana za mayina ntchito isanayambe. Mwini nyumba akamafunsa mwamuna amene waima nawe pamene pulaniyo ndi yako, uziyankha ndiwe, mwaulemu. Wina akakusiya dzina m'nyuzipepala, ulembe kalata sabata yomweyo. Ndipo ukadzakhala ndi ofesi yako, amene anakujambulira masitepe ndi denga uziwatchulanso.

Ukafika uimbe foni, abambo ako sagona ukakhala pa ulendo.

Ndine,
Amayi ako