Njovu ziwiri m'thumba: wapansi kuchoka pa Wenela mpaka ku Mandala

Pa Wenela munthu suima mphindi ziwiri osafunsidwa kumene ukupita. Oitanira akukuwa za Mwanza ndi Lilongwe, mayi wa nthochi akuthamangira chenji pawindo la basi yoti yayamba kale kuyenda, mnyamata wa wilibala akukupempha njira atakugunda kale. Ambirife timadutsa pamenepa osadziwa kuti dzinali linachokera ku Witwatersrand Native Labour Association, bungwe lomwe linkalemba amuna ntchito ya kumigodi ku Joni. Agogo athu ankapita chimanjamanja, n'kubwerako ndi sutikesi, bulangete ndi makobidi olira m'thumba. Kamuzu anaimitsa maulendowa mu 1974 ndege yonyamula anthu a kumigodi itagwa ku Francistown, koma dzina linakana kuchoka.

Masiku ano pamalo omwewa pamafikira katundu wambiri amene timagula pafoni. Wanga anali envelopu ya khaki yomatidwa selotepi mbali zonse, yochokera ku Mzuzu. Mkati munali ndalama imodzi yachitsulo: florin ya Malawi ya 1964, kumaso kuli Kamuzu, kumbuyo kuli njovu ndi mwana wake. Wogulitsa, yemwe tinakumana pagulu lina la Facebook, analemba kuti "yatsopano, sinayendepo m'manja". Tinagwirizana K20,000, theka kutumiziratu, theka lina ndikaiona ndi maso. Ndiye funso la tsikulo linali limodzi basi: K10,000 yotsalayo ipite kapena isapite?

Pa Wenela si poonera ndalama. Ndinaibisa m'thumba la mkati n'kulowa m'tauni wapansi, kudutsa pa Clock Tower mpaka ku Victoria Avenue, kumene ogulitsa ziboliboli amayala katundu wawo. Pakati pa mvuu zamtengo, mipando ya mafumu ndi bawo, ena amasunga kachitini ka ndalama zakale zogulitsa kwa alendo. Ndinaima pa bambo ena achikulire amene chitini chawo chinali chodzaza kuposa cha anzawo.

"Bambo, mungandionereko iyi?"

Sanailandire ngati chenji. Anaitsina m'mbali ndi zala ziwiri, ngati akugwira khala la moto.

"Choyamba, mwana wanga, ndalama yakale sagwira kumaso. Thukuta limasiya chidindo cha chala, ndipo sichichoka."

Kwa inu amene munakula K10 yachitsulo itasiya kale kugula switi, florin imafuna kufotokoza pang'ono. Mu 1964, dziko litangolandira ufulu, linatulutsa ndalama zake zachitsulo zinayi: sikisi yokhala ndi tambala, sheleni yokhala ndi chimanga, florin ya masheleni awiri yokhala ndi njovu, ndi half crown yokhala ndi chizindikiro cha dziko. Anazisula ku Royal Mint ku London, ndipo nkhope ya Kamuzu inagobedwa ndi Paul Vincze, mmisiri wobadwira ku Hungary. Kwacha ndi tambala zitabwera mu February 1971, masheleni khumi anakhala kwacha imodzi. Florin inafanana mtengo ndi 20 tambala, njovu zija n'kusamukira pa 20 tambala yatsopanoyo. Izi zinali ndalama zogwira ntchito, zolipirira basi, chigayo ndi chopereka cha kutchalitchi. Kupeza florin si nkhani. Nkhani ndi kupeza florin yoti sinavutike, ndipo kusiyana kwa mtengo konse kwagona pamenepo.

Bambo aja anayamba ndi funso lina: kodi ndi yeniyeni? Anaizunguza akuyang'ana m'mphepete, kufuna kamzere kotumphuka kamene kamatsala ndalama ikakhala yochita kuumba m'chikombole. Yeniyeni imachita kudindidwa ndi makina, zilembo zake zimakhala zakuthwa, pomwe youmba imaoneka ngati sopo wanyowa, nthawi zina ndi timabowo ngati ta nsima yosapsa. Anatulutsa kamaginito ka m'sipika yakufa n'kuiyandikiza. Sinakakamire, ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira, chifukwa florin imeneyi ndi yosakaniza kopa ndi nickel. Siliva mulibemo, ngakhale imaoneka yotuwa ngati siliva. Mukakhala ndi kasikelo kakang'ono, iyenera kulemera magalamu 11 ndi kadontho.

"Ndi yeniyeni iyi. Tsopano tione kuti yayenda mtunda wautali bwanji."

Ndalama imaperepeseka ngati nsapato: imayamba kutha pamene pamagunda pansi. Pa nkhope, malo otumphuka kwambiri ndi tsaya, khutu ndi tsitsi la pamwamba pa khutu. Pa njovu ndi phewa, khutu ndi makwinya a khungu. Bambowo anandionetsa ndi nsonga ya udzu, osakhudza. Zilembo zonse zinali bwinobwino, chaka chikuwerengeka, minyanga ili pomwepo. Koma paphewa pa njovu yaikulu panali posalala, ndipo tsaya la Kamuzu linali litaphwa pang'ono, ngati sitepe ya simenti imene anthu apondapo zaka zambiri.

Osonkhanitsa ndalama zakale ali ndi mayina a makwerero amenewa, ndipo mudzawaona pa intaneti. Fine ndi yoti yatha ndithu koma chithunzi chonse chikuoneka. Very Fine yatha pamalo otumphuka okha. Extremely Fine yangokhudzidwa pang'ono, mpaka ufune galasi lokuzira kuti uone. Uncirculated, yomwe amaifupikitsa kuti UNC, ndi yoti sinagulepo kanthu. Ku America amagwiritsa ntchito manambala kuyambira 1 mpaka 70, njira imene William Sheldon anaiyambitsa mu 1949, ndipo makampani ngati PCGS ndi NGC amaunika ndalama n'kuitsekera m'kapulasitiki kolembedwa nambala yake. Kuno kwathu zimenezo n'zakutali. Woweruza ndiwe wekha, ndi maso ako.

Chomaliza bambo aja anakana kundionetsa pamsewu. Ati dzuwa la masana limanamiza ngati fulashi ya foni. "Kapeze pakhonde, kuwala kuzibwera cham'mbali. Uzikaipendeketsa pang'onopang'ono."

Ndinatsetsereka ndi Victoria Avenue, kuwoloka Mudi amene fungo lake limakupatsa moni usanaone madzi, n'kukwera chitunda cha ku Mandala. Phokoso la m'tauni limatsala kumbuyo mwadzidzidzi. Mandala House inamangidwa mu 1882 ndi kampani ya African Lakes ya abale awiri a ku Scotland, John ndi Frederick Moir, ndipo dzinalo linachokera ku magalasi a m'maso amene John ankavala. Ndi nyumba yosanja ya khonde lalitali lozungulira, yoziziritsa ngakhale mu Okutobala, ndipo pamwamba pake pali laibulale ya Society of Malawi. Malonda a Blantyre anakulira pamenepa, nthawi imene nsalu ndi mikanda zinkagula zinthu kuposa ndalama. Ndikanasankha bwalo la milandu loweruzira florin, sindikanapeza loposa ili.

Ndalama yongotuluka kumene m'makina imakhala ndi kunyezimira kwakekwake. Chitsulo chikamapanikizidwa chimayenderera kuchoka pakati kupita kumphepete, n'kusiya timizere tosaoneka ndi maso. Ukaipendeketsa, kuwala kumazungulira ngati masipokosi a njinga. Kunyezimira kumeneku kukachoka, kwachoka, palibe polishi amene angakubweze. Yanga ndinaipendeketsa kumanja, kumanzere. Kuwala sikunazungulire. Kunangoti mbee paliponse mofanana, ngati poto wa aluminiyamu wotsukidwa tsiku la alendo. Nditakuza ndi kamera ya foni, ndinaona timikwingwirima tosawerengeka tolowera mbali imodzi, kudutsa patsaya mpaka pamalo opanda chithunzi. Ndipo m'makona mwa zilembo, mmene nsalu sifika, litsiro lakuda lazaka linali phee.

Wina anaikwecha.

Sindikhulupirira kuti wogulitsayo ankafuna kundibera. Tonse tinakulira m'nyumba zimene chinthu chabwino ndi chowala. Poto timamukwecha ndi mchenga, mpeni ndi phulusa, ndiye munthu akapeza ndalama ya agogo m'sutikesi amathamangira ndimu, mankhwala otsukira mano kapena sitiliwulu, akuganiza kuti akuikweza mtengo. Kwa osonkhanitsa, ndiye kuti waipha. Amalolera kugula yoderako, ya mtundu wake wachikale, kusiyana ndi yowala yokandika. Ngati kunyumba kuli chitini cha ndalama zotere, chisiyeni chomwecho. Muziike pouma, iliyonse m'kapepala kake, osati m'timapulasitiki tofewa tija, chifukwa pakapita nthawi timasiya zobiriwira zomata pachitsulo.

Chithunzi chimodzi chojambulidwa ndi fulashi chimabisa zonsezi, n'chifukwa chake kugwirizana za theka n'kofunika. Musanatumize kalikonse, pemphani zithunzi za mbali zonse ziwiri ndi m'mphepete, zojambulidwa pafupi ndi windo, komanso kavidiyo ka masekondi khumi akuipendeketsa. Pempheninso kuti aike pambali pake kapepala kolembedwa deti la tsikulo, mudziwe kuti ndalamayo ali nayodi. Wogulitsa wachilungamo sadandaula nazo izi.

Palinso mphekesera ija imene imabwera n'kupita ngati chimfine, yoti makobidi a bowo a nthawi ya Chitaganya muli mankhwala enaake ndipo kuli azungu ogula mamiliyoni. Makobidi amenewo, a Rhodesia and Nyasaland, anayamba kutuluka mu 1955: kobiri lili ndi njovu ziwiri, theka lake lili ndi akadyamsonga awiri. Ndi a bronze basi, ndipo anasulidwa ochuluka zedi moti m'chitini cha bambo aja anali mbwee. Amene akukuuzani kuti mulipire kaye "ya kuyeza" kuti akupezereni wogula, akufuna yanuyo ndalama, yamapepala.

Chigamulo changa pakhonde paja chinali ichi: yeniyeni, Very Fine, yokwechedwa. Ndinajambula tsaya ndi phewa kuwala kuli cham'mbali, n'kutumiza ku Mzuzu ndi mawu ochepa: "Achimwene, ndalama yafika bwino, zikomo. Koma yayendapo ndithu, komanso inatsukidwa. Taonani zithunzizi. Yomwe ndatumiza ija ikwanire, apo ayi ndikubwezereni pa basi ya mawa."

Timizere tiwiri tinasanduka tabuluu. Kenako "typing" inayamba, kusiya, kuyambanso. Pamsewu wa kumunsi maminibasi a ku Limbe ankaimba mahutala, phiri la Soche litayamba kuchita mthunzi. Yankho linabwera ndili pageti.

"Anatsuka ndi mayi anga, ati imaoneka yauve. Sungani, bwana. Ndili ndi sheleni ya chimanga, iyoyo sanaikhudze. Ndijambule pawindo?"