Kacitini ka Mikanda ya Agogo

Agogo anga atamwalira kuno ku Kabwe, anatisiyira kacitini kodzaza mikanda yofiira ndi yobiriwira. Anaigula ali namwali m'sitolo ya Mmwenye, mzinda uno ukali kuchedwa Broken Hill. Mlongo wanga anati, "Acimwene, tayani izi, n'zacikale." Ine ndinakana, ngakhale kuti cifukwa ceniceni ndinalibe.

Cifukwaco ndinacipeza pambuyo pace, m'mabuku a akatswiri ofufuza za luso lakale la ku Asia ndi la Asilamu. Kale ndinali kuganiza kuti maphunziro otere satikhudza ife a m'Zambia. Ndinalakwa ndithu.

M'caka ca 1960, anchito a Boma okumba maziko a thanki ya madzi pa Ingombe Ilede, kufupi ndi pamene Lusitu athira m'Zambezi, anapeza manda akale. Bambo J. H. Chaplin anayamba kufukula, ndipo Bambo Brian Fagan anapitiriza m'1961 ndi 1962. Anapezamo mikanda ya golidi, mitanda ya mkuwa, zidutswa za nsalu, ndi mikanda ya galasi yocokera ku India. Eni ace anaikidwa zaka pafupifupi 500 zapitazo.

Kodi mikandayo inafika bwanji kuno, kumtunda kopanda nyanja? Inadzera m'madoko a Aswahili. Limodzi la madoko ochuka linali Kilwa, ku Tanzania, kumene Ibn Battuta anafika m'1331. Kumeneko Bambo Neville Chittick anafufuza mzikiti waukulu womangidwa ndi miyala ya m'nyanja, napezanso mbale zonyezimira za ku China ndi ku Persia. Motero makolo athu anali kusinthana katundu ndi amisiri a kutali, Mzungu asanaponde dziko lino. Agogo posankha mikanda m'sitolo muja anali kutsata mkhalidwe wakale ndithu.

Koma cimene cindiwawa ndi ici. Ife a ku Kabwe tidziwa kutaya. Cigaza comwe cinapezeka mu mgodi wathu m'1921 cinapita ku London, ndipo cikali komweko. Cinthu cikacoka m'manja mwako, mbiri yace ailemba ndi ena.

Cotero, owerenga anzanga, musataye mikanda, nsalu kapena mbale zimene akulu anasiya. Funsani okalamba kumene anazitenga, mulembe mau ao akali moyo. Ine ndinacedwa kufunsa agogo. Kacitini kaja ndasungira mwana wanga wamkazi, amene afuna kudzaphunzira mbiri pa Yunivesite ya Zambia.