Kagalu ka m'Nyumba ya Mafumu

Ife tinakula tidziŵa kuti nchito ya galu ndi kusaka ndi kulonda pakhomo. Kagalu ka mtundu wa Pekingese sikagwila nchito zotele. Kale kanali kusungidwa m'nyumba ya mafumu a ku China, ndipo mu 1860 asilikali a ku Britain anacotsa tiagalu tisanu ku Beijing. Kaŵilikaŵili sikapitilila makilogalamu 6, koma mtima ngwa mkango: sikaopa galu wamkulu, ndipo mukakaitana kamabwela pamene kafunila.

Amayi anga okalamba ali nako kamodzi. Popeza mphuno yake njaifupi, kamapuma movutika m'mwezi wa Okutobala, motelo amakagoneka pamthunzi, madzi ali pafupi. Cimwalilile atate, ndaona kuti kusamalila kagaluka ndiko kumawadzutsa amayi m'maŵa.