Kanema Tinkaonera Pagulu

Ana anga sakhulupirira ndikawauza kuti ndinayamba kumeta ndevu dziko lino lisanakhale ndi wailesi yakanema yakeyake. Television Malawi inayamba kuulutsa mu 1999. Chisanafike chaka chimenecho, sewero tinkalimva ndi khutu pa MBC, Pamajiga ndi Sewero la Sabata Ino, nkhope za ochita sewerowo aliyense n'kumazijambula yekha m'mutu. Zithunzi zoyenda zinali zochita kuzilondola. Umasamba, kudzola mafuta, n'kuyenda wapansi kupita komwe zili.

Kumudzi kwa agogo, komwe tinkapita sukulu ikatsekera, kanema ankabwera ndi galimoto yachikasu ya a zaulimi. Inkafika masana ikulengeza pa chimkuzamawu, ndipo pofika madzulo bwalo la sukulu linali litadzaza. Ankayamba ndi zidole zoseketsa, kukada n'kupachika nsalu yoyera. Filimuyo inkanena za kathiridwe ka feteleza kapena kasungidwe ka chimanga m'nkhokwe, koma ife tinkaionera pakamwa pali yasa. Ochedwa ankakhala kuseri kwa nsalu n'kumaona zonse motembenuka, wadzanja lamanja akulima ndi lamanzere. A tchalitchi nawonso ankabwera ndi filimu ya Yesu yolankhula Chichewa. Pa nthawi yokhomera misomali amayi ankalira mokweza ngati pamaliro enieni, abambo ena n'kumatukwana asilikali a Chiroma.

Ku Blantyre kunali kwina. Bambo, mwezi ukatha bwino, ankatitengera ku Apollo. Filimu isanayambe pankaoneka Kamuzu akubayibitsa anthu, nyimbo ya fuko ikulira, ndipo holo yonse inkaimirira njo. Panalibe wotsalira pampando. Kenaka pankabwera makauboyi kapena akarate, koma atadutsa kale m'manja mwa Censorship Board, bungwe lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1968 loyang'anira zosangalatsa. Ntchito yawo inkaonekera poyera. Mnyamata ndi mtsikana akuyandikizana nkhope, nyimbo ikukoma, mwadzidzidzi chithunzi chadumpha, awiriwo ali kale pa galimoto kukuwala dzuwa. Anyamata a kumbuyo ankaimba malikhweru ndi kukuwa kuti abweze ndalama. Bambo ankangotsokomola. Ine ndinali wamng'ono, ndinkaganiza kuti makina avuta.

Koma sukulu yanga yeniyeni ya kanema inali vidiyo shoo ya ku Ndirande. Chinali chisakasa cha nsungwi ndi makatoni, mkati atakutamo masaka kuti kuwala kusalowe, mabenchi a matabwa otsala, TV yaing'ono ili pamwamba pa shelefu ndi deki pambali pake. Panja pankaima bolodi lolembedwa ndi choko: Rambo, Commando, Chuck Norris, Van Damme. Pakhomo pali mnyamata wa chitini cha matambala amene ankadziwa nkhope ya aliyense wozembera. Mkatimo munkanunkha thukuta ndi zitumbuwa. Tepi ikatafunidwa, mwiniwake ankaitulutsa, kuipota ndi chala, kuuzira mpweya mu deki, ife tikumunena.

Chizungu cha m'mafilimuwo sitinkachimva, ndipo sitinkachisowa. Pa benchi iliyonse pankapezeka wina woti filimuyo waionera kale, ndiye ankatsogoza nkhani. Uyu ndiye stelingi, uyu safa. Uyo wa ndudu ndiye bwana wa adani, amwalira kumapeto. Stelingi akamenyedwa tinkamulangiza kuti adzuke, akabwezera chisakasa chonse chinkagwedezeka. Amene analibe ndalama ankasuzumira pa bowo mpaka atathamangitsidwa, kapena kudikira pa chulu kuti ife otuluka tiwafotokozere. Kufotokozako kunali luso palokha. Mnzanga wina ankatha kuchita filimu yonse yekha, mfuti, helikopita, zibakera, mpaka kufa kwa bwana wa adani, ndipo nthawi zina yake inkakoma kuposa ya pa tepi.

Makolo athu ankadana nazo zisakasazi, ndipo lero ndimawamvetsa. Ana ankajomba kusukulu, ndalama ya chigayo inkasowa, ndipo kukada bolodi lija linkasintha, n'kuyamba kuonetsa zolaula zomwe sizinapiteko n'komwe ku Censorship Board. Amayi ankatinunkhiza malaya tikafika, ankati fungo la m'vidiyo amalidziwa.

Tsopano ndine bambo, ndipo kanema ali m'thumba la aliyense. Pali DStv ndi GOtv, pali YouTube, pali memori khadi yomwe mwana amadzaza mafilimu pa kagolosale ka pamsika ndi ndalama yogulira mandasi. Ambiri mwa mafilimuwo ndi a ku China kapena ku India omwe anyamata a kuno awamasulira m'Chichewa, akuwapatsa anthu ake maina a kwathu n'kuthiramo nthabwala zawo, zina zabwino zina zosayenera khutu la mwana. Ntchito ija ya bungwe la boma yagwera ine ndi mayi a ana anga. Ndimayang'ana zilembo za pakona, PG, 13, 16, 18. Ndinaika nambala yachinsinsi pa dikoda, ndipo mwana wanga wamwamuna anaitulukira pongoyang'ana zala zanga.

Sindilira nthawi ya sizasi. Anthu omwewo amene ankadula kupsompsonana ndiwo ankaletsanso mabuku, nyimbo ndi chilichonse chomwe chinkaoneka ngati chikuloza boma chala. Komanso m'zaka zonsezo sindinaonepo Mmalawi akusewera nkhani yake pa nsalu, kupatula mlimi wachitsanzo uja wa feteleza. Ana anga aonera Seasons of a Life ndi The Last Fishing Boat za Shemu Joyah, aonera Fatsani, akula ndi Tikuferanji. Kwa iwo si chodabwitsa kumva munthu wa m'filimu akuti zikomo.

Chomwe chimandisowetsa mtendere ndi chete. Ndikalowa m'nyumba madzulo ndimapeza mwana aliyense ali pakona pake, mutu woweramira foni, timawaya m'makutu. Wina akumwetulira, wina wakwinya nkhope, ndipo sindidziwa chomwe chamuseketsa kapena chamuopsa. Ife tinaona zoipa zambiri, mwina kuposa zomwe mwana ayenera kuona, koma tinkaziona pakati pa anthu. Munthu akachita zankhanza pa TV paja, pambali pako pankamveka mawu a wamkulu akuti mfiti iyi. Ukachita mantha unkamva mnzako akunjenjemeranso pa benchi lomwelo. Pofika kunyumba filimuyo inali itatafunidwa kale ndi pakamwa pa anthu ambiri. Mwana wa pa foni amameza yekha.

N'chifukwa chake kwathu Loweruka madzulo mafoni amagona m'mbale pa tebulo, wanga womwe, ndipo tonse timaonera chinthu chimodzi. Magetsi akazima timaunjikana pa laputopu mpaka batire itatha. Kusankha kumayenda mosinthana, ndiye ndapirira makatuni oimba mosalekeza, iwonso apirira Sarafina. Lamulo ndi limodzi lokha: kulankhula n'kololedwa. Wamng'ono ataona Mufasa akugwa m'phompho mu The Lion King anafunsa ngati inenso ndidzafa. Funso limenelo akanakhala yekha kuchipinda akanagona nalo.

Tsiku lomwe tinaonera The Boy Who Harnessed the Wind amayi anga analipo, atabwera kudzaonana ndi dokotala wa maso. Filimuyi inatuluka mu 2019, ndipo ikunena za William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, yemwe anachotsedwa sukulu chifukwa cha fizi pa nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002, n'kupanga makina a mphepo opangira magetsi kuchokera ku zitsulo zotayidwa ndi njinga ya bambo ake. Poyamba inali nthabwala yokhayokha. Chiwetel Ejiofor, amene akusewera ngati bambo wa William, ndi wa ku Britain, ndipo mnyamata wosewera William ndi wa ku Kenya. Akayankhula Chichewa ana ankagubuduka ndi kuseka, agogo awo n'kumafunsa kuti kodi bamboyu ndi wa dera liti.

Itafika pomwe anthu akukanganirana chimanga, kuseka kunatha. Amayi anati, "Imitsa kaye." Anawauza adzukulu awo za mizere yomwe anthu ankagona pamsika wa chimanga n'kubwerako ndi thumba lopanda kanthu, za gaga amene anasanduka chakudya cha anthu, za mabanja omwe ankakumba zitsinde za nthochi, za mbuzi zogulitsidwa pa mtengo wa nkhuku. Anatchula ndi maina a anthu a kumudzi amene sanafike pa nthawi yokolola. Zina mwa izo inenso ndinkazimva koyamba, chifukwa chaka chimenecho ndinali m'tauni pa ntchito, ndikungotumiza ndalama.

Mwana wanga wamkazi anafunsa kuti, "Agogo, inuyo munkadya kangati?" Anamuyankha kuti kamodzi, madzulo, kuti tulo tibwere. Wamwamuna anafuna kudziwa ngati dayinamo ya njinga ingayatsedi babu, ndipo m'mawa mwake anapita kwa wokonza njinga pamsika kukafunsa mtengo wake. Filimuyo tinaimaliza Lamulungu titabwera ku tchalitchi, agogo akudandaulabe kuti munthu wamkulu ngati uja akanayamba wakhala ku Kasungu chaka chathunthu asanatsegule pakamwa.