Gemu imene sinkakwana mu K50

Kuseri kwa msika wa Mitundu kunali kachipinda kamene tinkangokatchula kuti "ku gemu". Munali ma TV awiri aja okhala ndi chimsana, ma PlayStation 2 awiri, benchi limodzi, ndi anyamata ambirimbiri amene makolo awo ankaganiza kuti ali pamzere kuchigayo. Unkapereka K50 n'kusewera kamodzi. Wogonja ankadzuka, wina n'kukhalapo. Magemu ake anali odziwika: mpira, Tekken ndi Mortal Kombat. Koma m'kabokosi ka mwini shopu munali chimbale china chimene sichinkaikidwa, chotchedwa Final Fantasy X. Tsiku lina, ndili Sitandade 7, ndinalimba mtima n'kuchipempha.

Ndinachita manyazi tsiku limenelo. Gemu inayamba ndi anthu atakhala pansi mozungulira moto, nyimbo yachisoni ikulira, wina akulankhula Chingerezi chimene sindinkachimva. Anzanga anayamba kudandaula kumbuyoku. "Aise, ndewu iyamba liti?" Ndewuyo itafika, inali yoti mdani akumenye kaye iwe uli chiimire, kenako usankhe pamndandanda chimene ukufuna kuchita, ngati mukusinthana posewera bawo. Benchi lonse linafa ndi phwete. Mwini shopu anatulutsa chimbale chija n'kunena kuti, "Mphwanga, iyi ndi ya ana a mabwana, imafuna mwezi." K50 yanga sanabweze.

Mawu akewo ndawaganizira zaka zambiri, ndipo ndikuona kuti anafotokoza nkhaniyi bwino kuposa zambiri zimene ndawerenga pa intaneti.

Kwa amene simunawasewerepo: magemu amenewa amatchedwa JRPG, kutanthauza magemu a ku Japan amene wosewera amalowa m'malo mwa munthu wa m'nkhani. Kawirikawiri umayamba uli mnyamata wapamudzi wopanda kanthu. Vuto limagwa, umanyamuka ulendo, umapeza anzako panjira, ndipo mphamvu zako zimakula pang'onopang'ono. Kuti ufike kumapeto pamafunika maola makumi anayi kapena kuposa. Lero magemu otere ndi chakudya cha tsiku ndi tsiku ku America ndi ku Ulaya. Koma sizinayambe choncho, ndipo mbiri yake ndi yozungulira.

Mbewu yake inachokera kwa azungu omwewo. Mu 1974 ku America kunatuluka Dungeons & Dragons, masewera a pathebulo ogwiritsa ntchito mapepala ndi madayisi. Kuchokera pamenepo kunabadwa magemu a pa kompyuta monga Wizardry ndi Ultima. Yuji Horii wa ku Japan anawakonda, koma anaona kuti ngovuta kwa munthu wamba, ndiye anawaphika mwatsopano. Mu 1986 kampani ya Enix inatulutsa Dragon Quest, zithunzi zake atajambula Akira Toriyama, mkulu uja wa Dragon Ball. Chaka chotsatira kampani ya Square inatulutsa Final Fantasy. Zili ngati chimanga: chinachokera ku America, koma ndani angauze agogo anga kuti nsima ndi yobwera?

Ku Japan zinagwira moto nthawi yomweyo, moti Dragon Quest III itatuluka mu 1988 ana ena anajomba kusukulu kukaima pamzere. Kwa azungu zinakana. Dragon Quest inafika ku America mu 1989 ndi dzina lakuti Dragon Warrior, ndipo inayenda mwakachetechete mpaka Nintendo inayamba kuipereka mwaulere kwa olembetsa magazini yake ya Nintendo Power. Magemu ena a Final Fantasy sanamasuliridwe n'komwe panthawiyo, n'chifukwa chake yachinayi inagulitsidwa ku America ngati yachiwiri, yachisanu ndi chimodzi ngati yachitatu. Mu 1992 Square inachita kupanga gemu yofewetsa dala, Mystic Quest, poganiza kuti Amereka sangathe zovuta. Itafika ku Japan anaitcha Final Fantasy USA. Ndimaseka ndikakumbukira zimenezi, chifukwa tinazolowera kuti ofewetseredwa zinthu timakhala ife.

Chimene chinathyola chitseko si gemu yofewetsayo ayi. Ndi Final Fantasy VII ya mu 1997, ya zimbale zitatu, pa PlayStation yoyamba. Sony inathira ndalama zambiri poilengeza pa TV ngati filimu, ndipo makope ake anagulitsidwa opitirira 10 miliyoni. Kwa anthu a ku Ulaya imeneyi inali Final Fantasy yoyamba ya mumndandanda waukulu kuwafikira. Mu 1998 Pokémon inafika ku America, ndipo mwana aliyense anayamba kusewera JRPG osadziwa n'komwe kuti ndi dzina lake.

Ine Final Fantasy VII ndinakumana nayo ku Nathenje, patapita zaka pafupifupi makumi awiri chitulukireni. Msuweni wanga anabwera kuchokera ku Joni ndi laputopu yakale yong'aluka pakona, ndipo ndinakakhala kwa amalume holide yonse ya Fomu 2. Batire lake linkatha msanga, ndiye magetsi akazima tinkangoyang'anana. Koma laputopuyo inali ndi chinthu chimene ku Mitundu kunalibe: unkatha kusunga pamene walekezera, mawa n'kupitiriza. Apa ndi pamene ndinamvetsa mwini shopu uja. Vuto silinali lakuti ana a ku Mitundu sakonda nkhani zazitali. Ife tomwe tinkakhala maola atatu muvidiyo sho kuonera filimu ya ku India kapena ya ku China, womasulira m'Chichewa akuthiramo nthabwala zake. Vuto linali lakuti gemu ya K50 iyenera kutha msanga kuti wina alipire. Nthano imafuna kuti mawa madzulo mudzakhalenso pamoto womwewo. Mwana wa ku Ohio anali ndi TV yakeyake kuchipinda, kakhadi kosungira, magetsi osazima, ndi holide yopanda kupalira. Anthu akamalemba zoti azungu "anatsegula maso" n'kuyamba kukonda luso la ku Japan, amaiwala kutchula zinthu zinayi zimenezi.

Komabe ndalama ndi magetsi sizifotokoza zonse. Pali magemu ambiri amene analengezedwa mwamphamvu n'kuiwalika. Iyi inakhala chifukwa cha nkhani yake, ndipo apa ndilankhule zimene zinandichitikira ineyo.

Nkhaniyo imayambira mumzinda wa Midgar. Olemera amakhala pamwamba, pa chimbale chachikulu chachitsulo, ndipo osauka amakhala pansi pake, kumene saona thambo. Kampani yotchedwa Shinra imapopa mphamvu ya moyo wa dziko kuchokera pansi n'kuisandutsa magetsi, ndipo nthaka yozungulira mzindawo inauma gwa. Sindinafune wondimasulira kuti ndimve zimenezi. Ndinali nditaonapo mipanda ya ku Area 47 itayang'anizana ndi Mtandire. Ndinakulira pamsewu umene mbandakucha uliwonse pamadutsa njinga zosenza matumba a makala kuchokera ku Dzalanyama kupita m'tauni. Nkhalango imeneyo ndi kumene kumachokera mtsinje wa Lilongwe umene mzinda umamwa, ndipo ndi komwe kuli Kaphirintiwa, kumene makolo athu Achewa ankati anthu oyamba anatsikira n'kusiya mapazi pathanthwe. Bambo anga aang'ono anapalasako njinga zimenezo zaka zingapo kuti ana apite kusukulu. Ndiye gemu itandipatsa anthu ophulitsa makina a Shinra kuti ndiwo ngwazi, mtima wanga sunavomere msanga. Ndinkadzifunsa kuti m'nkhani imeneyi bambo aang'ono ali mbali iti. Palibe gemu ya mpira imene inandifunsapo funso lotere.

Kumapeto kwa chimbale choyamba, mtsikana wogulitsa maluwa dzina lake Aerith amaphedwa. Si chinsinsi, dziko lonse likudziwa. Koma ine sindinkadziwa. Ndinali nditathera masabata awiri ndikumugulira zida ndi kumukuza mphamvu, ndipo ndinkayembekeza kuti pali mankhwala omudzutsa monga zinkakhalira pandewu zina zonse. Panalibe. Msuweni wanga anandipeza ndili duu pakhonde n'kufunsa ngati kwabwera uthenga wamaliro kuchokera kwathu. Ndinachita manyazi kumuuza. Pambuyo pake ndinadzawerenga kuti ana ambirimbiri a ku America ndi ku Britain anakhalanso duu chimodzimodzi mu 1997, ngakhale kuti Chingerezi cha gemuyo chinali ndi zolakwika zodziwika bwino. Iwo anaonamo za kwawo, ine ndinaonamo Dzalanyama. Anthu amene anailemba ku Tokyo sankaganiza za aliyense wa ife.

Mnzanga wina wa m'kalasi, amene amakonda mawu akuluakulu a m'mabuku a utsamunda, amati zonsezi n'zachabe. Akuti azungu akatola chinthu cha ku Japan ndiye kuti chakhala "cha dziko lonse", ife n'kumatola nyenyeswa zake mochedwa. Mbali ina akunena zoona. Ngakhale dzina lakuti JRPG analipereka ndi azungu, ndipo mu 2023 Naoki Yoshida, amene anatsogolera ntchito ya Final Fantasy XVI, ananena kuti poyamba opanga magemu ku Japan ankalimva ngati lonyoza. Kunali nthawi imene olemba nkhani za magemu kwa azungu ankaseka tsitsi losongoka ndi malupanga aakulu kuposa mwini wake. Koma taonani kumene zathera. Persona 5, nkhani ya ana asukulu a ku Tokyo amene amakwera sitima, kulemba mayeso ndi kudya zakudya za kwawo, inafika kwa azungu mu 2017 osasintha dzina la msewu ngakhale umodzi, ndipo anaikonda. Mu 2025 kagulu ka Afalansa ka ku Montpellier kanatulutsa Clair Obscur: Expedition 33, gemu ya ndewu zosinthana zija anzanga ankaseka, ndipo eni ake sabisa kuti anakulira pa Final Fantasy. Chimene ndimatsutsana naye mnzangayo n'chakuti iye amaona kugonja kokhakokha. Ine ndimaona anthu amene anayesa kufewetsa zakwawo kuti alendo azikonde, zinakanika, kenako anaphika monga amadyera okha ndipo alendo anabwera ndi mbale. Ndikamamva anzathu olemba nkhani pano pa koleji akusintha mayina a anthu awo kukhala Jason ndi Kimberly "kuti zikagulike kunja", ndimakumbukira Mystic Quest.

Gemu ija sindinaimalize chaka chimenecho. Mvula itayandikira, msuweni wanga anagulitsa laputopu kuti agule feteleza, ndipo maola anga onse anapita nayo limodzi. Palibe amene akanamudzudzula, ngakhale ineyo. Ndinadzaiyambanso pa foni ndili chaka choyamba ku koleji.

Holide yapitayi ndinadutsa kuseri kwa msika kuja. Ma TV tsopano ndi opyapyala, mtengo unakwera, koma ndi mpira womwewo ndipo wogonja akudzukabe. Kunyumba mng'ono wanga wa Sitandade 5 anapeza Pokémon pa foni yanga. Ndinamuuza kuti Satoshi Tajiri, amene anaiyambitsa, ali mwana ankakonda kugwira tizilombo kutchire, ndipo ndi mmene ganizolo linabwerera. Iye anafunsa ngati ankawakazinga monga timachitira ndi ziwala ndi ngumbi. Chingerezi chimamuvuta, ndiye madzulo aliwonse ankakhala pambali panga, iye akudina, ine ndikumasulira m'Chichewa, nthawi zina kuthiramo zanga ngati wa muvidiyo sho. Tsiku lobwerera kusukulu anandiperekeza mpaka pa siteji, ndipo minibasi isananyamuke anagogoda pawindo kundikumbutsa kuti ndisafufute pamene walekezera.