Ku Usisya simenti imayenda pamutu

Inu anzanga a mumsika wa Limbe, wa Lilongwe ndi wa Mzuzu, mumadziwa bwino kuti mtengo wa katundu suthera pa oda. Pali thiransipoti, pali wonyamula, pali chiphaso cha msika. Tsono ngati mukufuna kuona kumene masamu amenewa amafika powawa zenizeni, pitani ku Usisya mukaone m'mene amamangira tchalitchi.

Ine ndinapitako mwezi wa Ogasiti pamodzi ndi achinyamata a mpingo ochokera ku Mzuzu, kukathandiza kumanga nyumba yopemphereramo pamudzi wina wa m'mbali mwa nyanja. Panalinso azungu atatu a ku Scotland amene anadzipereka kugwira nawo ntchitoyi kwa masabata awiri. Malipiro kunalibe. Chathu chinali chakudya ndi mphasa yogonera basi.

Usisya ili kumpoto kwa boma la Nkhata Bay, m'dera la Mfumu Yaikulu M'bwana. Ndi kachigwa ka mchenga kopanikizika pakati pa nyanja ndi mapiri, ndipo pafupi ndi gombe pali phiri la Mphande longa chulu chachikulu. Njira zofikirako ndi ziwiri. Pali msewu wochokera ku Mzuzu kudzera ku Bula, wokhotakhota ndi wotsetsereka moti amene sapemphera amayambira pomwepo. Ina ndi ya panyanja, pa maboti a injini kapena pa sitima ya Ilala, gogo uja amene wakhala akuyenda pakati pa Monkey Bay ndi Chilumba kuyambira mu 1951.

Ife tinakwera Ilala ku Nkhata Bay, ndipo matumba a simenti amene mpingo wa m'tauni unasonkha anali nafe. Apa ndi pamene sukulu inayambira. Ku Usisya kulibe doko loti sitima nkukocheza. Imaima patali, anthu ndi katundu nkutsikira m'maboti ang'onoang'ono. Botilo likafika posaya, munthu umapinda thalauzi nkulowa m'madzi. Tsono inu mukudziwa kuti simenti ndi madzi ndi galu ndi nyani. Thumba la makilogalamu 50 likangonyowa, ndalama yanu yasanduka mwala.

Anyamata a pamudzipo analowa m'madzi ofika m'chiuno, aliyense nkulandira thumba pamutu. Kunali kamphepo ka mwera, boti likuvina, koma thumba ngakhale limodzi silinakhudze madzi. Pamtunda amayi a Umanyano, amene kwathu kuno timati a Mvano, anali atakonza kale nkhata zawo. Kuchokera pagombe kukafika pamalo omangapo panalibe ngolo kapena wilibala yoti nkuyenda mumchenga umenewo. Pamutu basi.

Thumba limodzi lija, tawerengani nokha: pa sitolo, pa galimoto yotsikira ku Nkhata Bay, pa sitima, pa boti, kenaka pamutu. Onjezani kuti kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zinthu zonse zomangira nkukwera nayo. Amene wapereka thumba la simenti ali m'tauni wagwira theka la ntchito. Theka linalo amalipira ndi makosi a anthu a kunyanja.

Zimenezi si zachilendo pa nyanja ino. Ilala yoyamba, imene inabweretsa amishoni a Livingstonia mu 1875, inadutsa mathithi a mtsinje wa Shire ili zidutswazidutswa pamitu ya anthu mazanamazana. Mabuku amatchula Robert Laws, amene anasamutsira mishoni ku Bandawe pafupi ndi Chintheche mu 1881, kenaka ku Khondowe mu 1894. Onyamula aja sawatchula maina. Tchalitchi chachikulu cha St Peter's ku Likoma, chimene anayamba kumanga mu 1903, alendo amachijambula zithunzi mpaka lero, koma amene anasenza miyala yake sadziwika.

Ntchito yathu inkayamba tambala atangolira kachiwiri, dzuwa lisanapse. Ena kutunga madzi kunyanja ndi ndowa, ena kusefa mchenga, ena kuponyerana njerwa pamzere mpaka kwa mmisiri. Njerwazo anaumba okha eni mudzi ndi zikombole zawo, nkuwotcha pa uvuni. Mmisiri, bambo wachikulire amene anagwirapo ntchito ku Joni, sankafuna zachibwana. Khoma likangopendama pang'ono, ankagwetsa mzere wonse osayang'ana kuti waika njerwayo ndi mzungu kapena mwana wa mfumu.

Azungu aja, kunena zoona, anagwira ntchito. Manja anatuluka matuza tsiku lachiwiri, koma sanathawe. Chimene chinawagonjetsa ndi ndowa yapamutu. Mtsikana wina anayesa, madzi onse nkuthera m'malaya, amayi nkuseka mpaka kukhala pansi. Kuyambira tsiku limenelo anamupatsa ntchito yosefa mchenga, ndipo anaigwira bwino zedi.

Masana kunkabwera kondowole, nsima ya chinangwa yomata ngati ulimbo, ndi usipa wongovuulidwa kumene. Ife ozolowera mgaiwa tinkayamba taipenyetsetsa, koma njala ya pa ntchito ya njerwa sisankha. Chiyankhulo nacho ndi china: Chitumbuka ndi Chitonga zimayendera limodzi, ndipo Chichewa changa chinkangondithandiza pogula sopo. Mawu amene ndinabwera nawo ndi "yewo", chifukwa kumeneko kuthokoza sikutha pakamwa.

Amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Koma titakhala pansi ndi akomiti usiku wina, nyali za asodzi zikuphethira panyanja ngati tauni, ndinaona kuti lumo lenileni lili ndi eni mudzi. M'kope lawo munali zonse. Asodzi a chilimira amapatula gawo akapha bwino usipa. Amayi amagulitsa ufa wa chinangwa. Ana a pamudzipo amene ali ku Johannesburg ndi ku Dar es Salaam amatumiza kangachepe pa foni. Pali Pepa Sande, pali masiku a ntchito a mudzi ndi mudzi. Alendo tinakhala masabata awiri. Iwo anayamba kukumba maziko ife tisanamve nkomwe dzina la mudziwo.

Tinachoka khoma litafika pa lintala. Chatsala ndi denga, ndipo mutu umodzi susenza denga. Malata, matabwa ndi misomali zonse ziyenera kuyenda ulendo womwe uja wa simenti. Mvula ya ku Nkhata Bay si yamasewera, imagwa mpaka mu Epulo, ndipo khoma lopanda denga likamwa madzi dzinja lonse limayamba ming'alu. Nthawi yomweyo msewu wa ku Bula umavuta, mtengo wa thiransipoti nkukwera.

Tsono inu amalonda, wina akadzabwera ndi kalata yopempha thandizo la tchalitchi kapena sukulu ya kumudzi ngati kumeneku, musangofunsa mtengo wa lata. Funsaninso kuti lidzafika bwanji, ndipo muikepo ya ulendo. Ndipo inu ooda usipa wa kunyanja, ponenerera mtengo muzikumbukira kuti pa ndowa imene mukuikanirayo pali msomali wa denga la anthu ena.