Kabotolo ka madzi ku Area 2

Kuchoka pa Kabudula kudzera pa Nsaru mpaka ku depoti ya Lilongwe ndi ulendo wa m'mawa umodzi. Ukatsika basi n'kuyenda pang'ono wafika ku Area 2, kumene ana athu ambiri akugwira ntchito m'masitolo ndi m'nyumba za amwenye. Akabwera kumudzi amasimba zodabwitsa: bwana amavula nsapato polowa m'kachipinda kena, amayatsa kanyale m'mawa uliwonse, ndipo muli kabotolo ka madzi kosaloledwa kukhudza. Kwathu kuno nkhani yotere sichedwa kutchedwa zizimba za bizinesi. Mwana amagwira ntchito ali ndi mantha, mwina kuisiya kumene.

Amwenye ambiri a mu Lilongwe ndi Asilamu. Za kanyale ndi kabotolo ndi za Ahindu, ndipo kawirikawiri madziwo amakhala a mumtsinje wa Ganga ku India, umene iwo amautcha mayi.

Pa Haridwar, pamene mtsinjewu umatsika m'mapiri a Himalaya kulowa m'chigwa, anthu miyandamiyanda amasonkhana chaka chilichonse m'miyezi ya July ndi August. Amavala zofiirira, ambiri opanda nsapato. Amatunga madzi m'timitsuko, n'kutimangirira uku ndi uku kwa ndodo yonyamula paphewa, n'kuyenda masiku angapo kubwerera kwawo. Katunduyo sayenera kugunda pansi mpaka madzi atathiridwa pa mwala woimira mulungu wawo Shiva. Amakhulupirira kuti Shiva adamwa poizoni amene akadawononga dziko, khosi lake n'kupsa, ndiye madziwo ndi omuziziritsa. Matuza a kumapazi ndi kuwawa kwa phewa amaziwerengera ngati mbali ya nsembeyo. Mayi amene amasenza ndowa kuchoka ku mjigo wakutali, osatayako ngakhale dontho, angamvetse msanga kuposa ine kulemera kwa mphatso yotere.

Malo opatulika otere amawatcha tirtha, kutanthauza powolokera mtsinje: munthu amapitako kuti awoloke, asiye zoipa zake tsidya lino. Nchifukwa chake pa Prayagraj, pokumana Ganga ndi Yamuna, khamu losaneneka lidasamba pa mwambo wa Kumbh Mela kuyambira pa 13 January mpaka 26 February 2025. Amene sangathe ulendowo amasunga kabotolo kunyumba, ndipo wodwala akamatsirizika amamudonthezera madziwo pakamwa.

Ife sitigwadira mafano, ndipo sitikhulupirira kuti mtsinje ungachotse tchimo. Koma kunena kuti mnzathu ndi mfiti chifukwa sitikudziwa zimene akuchita, umenewo ndi umboni wonama.

Monga wa zaumoyo, chimandidetsa nkhawa n'china. Ganga amalandira zonyansa za mizinda ikuluikulu, moti mu 2014 boma la India lidayambitsa ntchito yoyeretsa mtsinjewo yotchedwa Namami Gange. Ifenso tili ndi zitsime zimene timati "agogo ankamwa pomwepa", koma kolera wa 2022 ndi 2023 adapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Madzi akumwa tiziwiritsa kapena kuthira klorini, kaya achokera kuti.

Mwana wanu akamagwira ntchito m'nyumba ya Ahindu, mufunseninso za kukhitchini. Ambiri a iwo sadya nyama, ndipo ndiwo yawo ya tsiku ndi tsiku ndi dal, wophikidwa ndi mbewu monga nandolo yemweyu amene Malawi amagulitsa ku India.